Pikapu ya alamu anga ndi paipi ya mkokomo

Mapikapu ambiri a dizilo amene akuyenda m'misewu mwathu muno ali pawiri, ngakhale kunja amaoneka ofanana. Ena anapangidwira msika wa kuno kummwera kwa Africa: ma Hilux a ku Durban, ma Ranger a ku Pretoria, ma Isuzu a ku Port Elizabeth komwe tsopano akuti Gqeberha. Akaleko mwa amenewa ekizozi yawo ilibe zambiri. Ena ndi aja timaitanitsa atagwirapo kale ntchito ku Britain. Amenewa ukagona pansi n'kuyang'ana, pafupi ndi injini upeza chimgolo chachitsulo chokhala ndi timawaya ndi timapaipi ting'onoting'ono. Chimenecho ndi sefa ya mwaye, amakaniko amangoti DPF. Chinabwera ndi malamulo a utsi a ku Ulaya otchedwa Euro 5, amene anayamba mu 2009 pa galimoto zing'onozing'ono, mapikapu n'kutsatira pambuyo pake. Munthu wosintha ekizozi asanadziwe kuti yake ili mbali iti akuseweretsa ndalama. Alamu anga sanadziwe.

Iwowa ndi munthu wa geni ya mbewu. Nyengo yokolola amakhalira ku Mchinji pa soya ndi mtedza, kenako amatsikira ku Bwanje kukapikula mpunga. Atatopa ndi kulipira hayala, anasonkhanitsa phindu la zaka zingapo n'kuitanitsa pikapu ya zitseko zinayi kuchokera ku Britain. Inafika nthawi ya dzinja, geni ili zii. Ndiye ntchito yake inangokhala kuperekeza ana kusukulu, kufika m'tauni, kuima pamzere wa galimoto pa mlatho wa Lilongwe, kubwerera kunyumba. Mvula isanathe, pa dashibodi panayaka kanyali kachikasu.

Kuti mumvetse zimene zinatsatira, muyenera kudziwa mmene sefayi imagwirira ntchito. M'kati mwake muli chinthu choumbidwa n'kuwotchedwa, chokhala ndi timabowo tambirimbiri totalika. Kabowo kalikonse n'kotseka mbali imodzi, kotero utsi ukalowa umakakamizika kudutsa m'makoma opyapyala, mwaye n'kutsalira. Timapaipi tiwiri tija timauza kompyuta ya injini kusiyana kwa mphamvu ya mpweya kutsogolo ndi kumbuyo kwa sefa. Kusiyanako kukakula, kompyuta imadziwa kuti mwaye wachuluka, ndipo imawonjezera dizilo pang'ono kuti utsi utenthe kufika cha m'ma digiri 600, mwaye upse. Kupsako kumafuna kuti galimoto ithamange mosadukiza kwa mphindi 15 kapena 20, injini itatentha bwino. Ulendo wa kusukulu supereka mpata umenewo. Komanso pali china chimene ambiri sachiganizira: injini yodwala imatulutsa mwaye wochuluka kuposa umene sefa ingawotche. Sefa ikamatsekeka pafupipafupi, kawirikawiri vuto limakhala kumtunda, ku injini.

Alamu anachita zimene ambiri timachita. Anafunsa anzawo a pa geni, ndipo anawalozera kwa mnyamata wina wowotcherera ekizozi. Achemwali anga akuti anawachenjeza kuti ayambe aonetsa kwa munthu wa kompyuta. Iwo anangoyankha kuti, "Amayi a ana, za galimoto tisiyireni."

Kunena chilungamo, mtima wawo unali utapita kale. Madzulo ankakonda kuonera mavidiyo pa Facebook a zimapikapu za ku America zikubangula, utsi wakuda uli tolotolo. Zimene mavidiyo amenewo sanena n'zakuti injini zake ndi za malita 6.6 kapena 6.7, monga Duramax, Cummins ndi Power Stroke, pamene zathuzi zambiri ndi za malita 2.2 mpaka 3.2. Sanenanso kuti kwawoko kuchotsa zoyeretsa utsi ndi mlandu. Mu 2020 bungwe la boma la America loona za chilengedwe, EPA, linanena kuti mapikapu a dizilo oposa 550,000 anali atachotsedwa zipangizo zoyeretsa utsi m'zaka pafupifupi khumi, ndipo makampani ogulitsa zida zochotserazo akhala akulipitsidwa chindapusa chowawa.

Mnyamata uja atangosuzumira pansi anati, "Bwana, chimgolo ichi ndiye chikubanikitsa galimoto yanu. Izi ndi za azungu, kuno sizigwira. Tichotse, tiike paipi ya streti, ya 76. Muona nokha mmene iziulukira."

Ndinalipo pamene ankagwira ntchitoyo, ndipo manja ake sindingawanyoze. Anadula ndi galainda mwaukhondo, nthethe zili waliwali, chimgolo chija n'kugwera pa katoni. Paipi yatsopano inali yonyezimira. Poipinda anagwiritsa ntchito makina a jeke, ndipo pa bondo lililonse m'kati munkachita makwinya, paipi n'kuphwatalala ngati yapondedwa. Anailumikiza kuchokera ku turbo mpaka kumbuyo, chitsulo chokhachokha, osaika kachigawo kofewa kolukidwa ndi waya kamene kanali pa ekizozi yakale. Sailensa anati ndi yosafunika. Pofika pa ekiselo ya kumbuyo anaona kuti paipi ya mamilimita 76 siidutsa bwino pakati pa shokabu ndi tayala la sipeya, ndiye anangoidulira pomwepo, kukamwa kwake kutaloza pansi, pansi penipeni pa bodi. Timawaya tija anatikulunga n'kutimangirira ku tchesi ndi kawaya ka mabuleki a njinga. Chimgolo chija anachikankhira kuseri kwa shedi. Palibe anafunsa za icho.

Atailiza, anyamata a pamalopo anaimba mluzu. Alamu mano onse anali pamtunda.

Chisangalalo sichinafike kunyumba. Kompyuta itaona kuti timapaipi take sitikunenanso kanthu, inachita zimene inapangidwira: inachepetsa mphamvu kuti iteteze injini. Galimoto inayamba kukwawa, nyali pa dashibodi zili mbuu. Mawa lake mnyamata uja anaitana mnzake wa laputopu, amene analowa m'kompyuta ya galimoto n'kufufuta zonse zokhudza sefa. Ali pomwepo anafunsa kuti, "Tiwonjezereko kamphamvu, bwana?" Alamu anavomera.

Pikapu inayambadi kukoka kuposa kale, zimenezo sindikana. Koma mphamvuyo sinachokere ku paipi. Pa injini za masiku ano mlingo wa dizilo ndi mpweya umalamulidwa ndi kompyuta, ndipo paipi yaikulu payokha, pa injini yosasinthidwa, imapindula zochepa zimene woyendetsa sangazimve n'komwe. Chimene amamva ndi phokoso, ndipo khutu likamva phokoso mtima umakhulupirira kuti liwiro lakwera. Wa laputopu uja anangowonjezera dizilo wolowa m'masilinda. Utsi wakuda umene alamu ankanyadira unali mafuta amene analipira pa pampu akutuluka osapsa bwino.

Oyamba kudandaula anali achemwali. Paulendo wautali, singano ya injini ikakhazikika cha pa 2,000, m'kati monse munkadzaza mkokomo wina wapansipansi wosalekeza, umene suumva uli panja koma umakulowa m'mutu uli m'kati. Pofika ku Kamwendo mutu unkakhala ukuwawa, ana kumbuyo sakumvana. Ntchito ya sailensa, ndi kamgolo kena kakang'ono kamene opanga amaika pakati pa paipi, ndi kupha mkokomo umenewo. Amayeza kukula kwake molingana ndi injiniyo.

Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi cha anyamata a ganyu. Alamu anali ataika kanope, ndipo popita kokagula mbewu onyamula matumba ankakhala kumbuyoko. Galimoto ikamathamanga, mpweya wa kumbuyo kwake umazungulira n'kubwerera, ndipo utsi wotulukira pansi pa bodi umakwera kudzera m'mipata ya chitseko cha kumbuyo. Anyamatawo ankatsika maso ali psuu, akutsokomola, wina akuti chizungulire. Ukapukuta chala m'kati mwa kanope chinkatuluka chakuda bii. Iwo sankadandaula mokweza, poti waganyu safuna kutaya bwana. Mu June 2012 bungwe la WHO, kudzera ku nthambi yake yofufuza za khansa ya IARC, linaika utsi wa dizilo m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mapapo. Mu utsimo mulinso mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, umene m'malo otsekeka umagonetsa munthu osadzukanso. Kwathu kuno kumbuyo kwa pikapu kumakhala anthu: a pa matola, opita kumaliro, akwaya, ana asukulu, odwala opita kuchipatala. Mwini pikapu akadula paipi pakati, amene amalipira ndi anthu amene sanafunsidwe.

Msewu wa fumbi unawonjezera zake. Injini imakhala pa malabala, ndipo imagwedezeka payokha. Tchesi nayonso imapindika pang'ono m'maenje ndi m'mabampu. Kachigawo kofewa kaja kamalandira kusiyana kumeneku. Popanda iko, kulemera konse kwa paipi yaitali kumakoka pakamwa pa turbo. Koyamba mowotcherera munang'ambika, anakawotchereranso. Kachiwiri anathyoka mabawuti a pa turbo, utsi wotentha n'kumapemerera m'boneti. Paipi ya labala ya mabuleki akumbuyo, imene inali pafupi ndi kukamwa kwa ekizozi, inauma n'kuyamba ming'alu. Imeneyo anaiona mwamwayi posintha tayala.

Mapeto anafika nthawi ya mpunga. Amene mudakwerapo Khwekhwelere, kuchoka ku Golomoti kupita ku Masasa, mukudziwa kuti chikwezacho sichipumitsa injini: makona otsatizana, magiya apansi, phazi pansi kwa nthawi yaitali. Alamu anakwera masana dzuwa likuswa mtengo, matumba atadzaza mpaka pamwamba. Chapakati pa phiri mphamvu inangothawa, kumbuyo kunatuluka chiutsi choyera, oilo n'kuyamba kulavulira m'boneti. Anaika miyala kumatayala. Anagona pomwepo kulondera mpunga, ndipo mawa lake katundu anakwera lole ya hayala, pikapu n'kubwera pa chingwe.

Amene anaitsegula ndi bambo wina wachikulire amene wakalambira pa injini za dizilo. Anatiitana tonse, n'kutionetsa pisitoni imodzi. Pamwamba pake panali bowo lolowa chala, m'mbali mwake mutasungunuka. Kenako anatenga ma injekita anayi kukawayeza pa makina. Atatu ankapopera bwino, nkhungu yosalala. Wachinayi ankadontha.

"Achimwene," anatero bamboyo, "uyu anayamba kudontha kalekale, mwina galimoto isanakwere n'komwe sitima. Ndiye ankapanga mwaye umene unkatseka sefa yanu. Kanyali kaja kanali galu wouwa mbava. Inu munapha galu."

Anafotokoza kuti injekita wodontha amathira dizilo malo amodzi pa pisitoni, ndipo pamenepo pamatentha kuposa pena ponse. Wa laputopu atawonjezera mafuta, kutenthako kunakwera. Katundu wolemera, chikweza chachitali ndi dzuwa zinangomalizitsa. Anafunsanso ngati injini sinkagogoda m'mawa ikangolizidwa. Alamu anakhala chete, kenako anati mwina, koma ndi phokoso la paipi lija sakanamva. Kukonza injiniyo kunadya phindu la mpunga wa chaka chimenecho ndi gawo la mpamba. Kuyeza ma injekita pachiyambi kukanawatengera ndalama zosafika n'komwe pa mtengo wa paipi yonyezimira ija.

Sindikunena kuti sefa ya mwaye ilibe mavuto. Ili nawo, ndipo nthawi zina wolakwa amakhala wopanga. Mu April 2022 khoti lina la ku Australia linagamula kuti ma Hilux, Prado ndi Fortuner oposa 260,000 ogulitsidwa kumeneko pakati pa 2015 ndi 2020 anali ndi sefa zolakwika. Sefa imafunanso oilo wake, wa phulusa lochepa, wolembedwa C2 kapena C3 pachigubu malinga ndi buku la galimotoyo. Oilo wamba amasiya phulusa limene silipsa, ndipo sefa imadzaza msanga. Ndikumvetsa munthu wa kumudzi, kutali ndi makina oyezera, amene amaona chimgolocho ngati mdani. Koma njira zilipo zoyamba kuyesa. Wa kompyuta angawerenge chimene chayatsa nyali. Angalamule injini kuti iwotche mwaye galimoto itaima. Sefa ingachotsedwe, kutsukidwa n'kubwezeredwa. Mavavu a EGR obwezera utsi m'injini, timapaipi ta mpweya tong'ambika, sefa ya mpweya yodzaza fumbi, ma injekita, zonsezi zimayezeka. Ndipo amene ntchito yake ndi ya m'tauni mokhamokha aziipatsa galimoto msewu wautali kawirikawiri. Abale athu a ku Britain amene amatigulira galimotozi akudziwa kuti kumeneko, kuyambira February 2014, galimoto yochotsedwa sefa imalephera mayeso a galimoto otchedwa MOT, ndipo chindapusa chimafika mapaundi 1,000 pa galimoto yaing'ono ndi 2,500 pa yonyamula katundu.

Mnyamata wowotcherera uja sindimuda. Amadziwa chitsulo, ndipo anagulitsa chimene amadziwa. Cholakwika chinali kupititsa matenda a injini kwa munthu wa chitsulo.

Tsono alipo amene ekizozi yawo yathadi, makamaka pa galimoto zochokera ku Britain, kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu ndipo dzimbiri limadya pansi ponse. Alipo ena a mapikapu akale opanda sefa amene akufuna china cholimba kuposa chakale. Amenewa ali ndi ufulu wosankha, ndipo mawu anga kwa iwo ndi awa. Musathamangire kukula. Paipi ya mamilimita 76 ili ndi malo odutsa mpweya ochuluka pafupifupi theka kuposa ya 63, ndipo injini ya malita 2.5 yosasinthidwa siisowa malo onsewo. Mungopeza mkokomo ndi vuto lodutsitsa paipi pa ekiselo. Yang'anani mabondo: paipi ya 63 yopindidwa bwino, yosalala m'kati, ingathe kuposa ya 76 yamakwinya.

Pa za chitsulo ndiye pamene anthu amaberedwa kwambiri, chifukwa chilichonse chonyezimira amachitcha stainless. Pitani ndi maginito m'thumba. Chitsulo cha mtundu wa 304, chokhala ndi chromium pafupifupi 18 peresenti ndi nickel 8 peresenti, maginito sagwira, kapena amangokoka pang'ono pa mabondo. Ngati akukulipiritsani mtengo wa 304 koma maginito akumamatira nganganga, akukunamizani. Cha mtundu wa 409 maginito amagwira, ndipo pakapita nthawi chimachita kadzimbiri kapamwamba, koma sichibooka msanga. N'chimene mafakitale ambiri amaika, ndipo m'misewu yathu yopanda mchere n'chokwanira. Chitsulo wamba chopaka penti ya siliva chimaoneka bwino tsiku logula lokha.

Kachigawo kofewa kabwerere pamalo pake. Timalabala tokolekera tikhale tatsopano, pa malo onse amene fakitale inaika. Sailensa ikhalepo. Musanalipire, gonani pansi nokha muone kuti paipi yatalikirana ndi mapaipi a mabuleki, thanki ya mafuta, mawaya, shokabu ndi tayala la sipeya, ndipo timalata totchinga kutentha tabwezeredwa, chifukwa galimoto zathu zimaima pa udzu wouma m'minda nthawi ya chilimwe. Kukamwa kwa paipi kutulukire kunja kwa bodi, kuseri kwa tayala lakumbuyo. Pa ichi chokha musalole kukambirana, ngakhale wowotcherera anene kuti paipi yaperewera.

Injini itakonzedwa, bambo wachikulire uja anauza alamu kuti abweretse chimgolo chija atsuke, abwezeretse, kompyuta ailembenso mmene inalili. Alamu anabwerera kwa mnyamata uja. Anapeza chinagulitsidwa sabata yomwe ija kwa ogula zitsulo zakutha, pakuti m'kati mwa zimigolo zimenezi amapakamo platinum, ndipo ogulawo amadziwa mtengo wake kuposa eni galimoto. Chatsopano n'chodula moti alamu sanakwanitse, ndipo pikapu ija mpaka lero ikuyenda yopanda sefa, ngakhale sailensa inabwerera ndipo paipi inafika kunja. Inu amene mukupita kokasintha ekizozi, chilichonse chimene achotse pansi pa galimoto yanu ndi chanu. Chikwezeni kumbuyo, mupite nacho kunyumba.